Mwana akufuna uphunzitsi wa ku sekondale: ayambire pati?

Malume a ku Chilomoni

Moni kwa inu nonse a m'gulu lino, makamaka aphunzitsi, popeza ndikudziwa kuti mulimo ambiri. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wa achemwali anga, amene ndakhala ndikumulera kuno ku Chilomoni kuyambira pamene anasankhidwa kupita ku Fomu 1. Zotsatira za mayeso ake a MSCE zatuluka, ndipo wapeza 3 pa masamu, 3 pa Agriculture, 4 pa Biology, 4 pa Chemistry, 5 pa Geography, 2 pa Chichewa, koma pa Chingerezi wapeza 7. Mtsikanayu mtima wake wonse uli pa uphunzitsi wa ku sekondale, ndipo akuti akufuna adzaphunzitse masamu. Ine sukulu ndinalekezera panjira ndipo ntchito yanga ndi ya ukalipentala, choncho aliyense wobwera ku shedi kwanga amandiuza zake. Wina akuti mwanayu angopita ku Blantyre Teachers Training College popeza ili pafupi, wina akuti apite ku Domasi, ndipo wina akuti m'tauni muno muli koleji imene imalandira aliyense bola akhale ndi ndalama. Ndikupempha amene munadutsa njirayi mundiunikire, chifukwa achemwali anga kumudzi akuyembekezera kumva kwa ine.

Mayi Mphunzitsi a ku Zingwangwa

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Poyamba mumuyamikire mwanayo, chifukwa kupeza 3 pa masamu si chinthu chamasewera. Komabe ndisakubisireni kuti chimene chimutsekere khomo ndi 7 wa Chingerezi uja. Pa mayeso a MSCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba kwambiri, kuyambira 3 mpaka 6 ndi makirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pomwe 9 ndi kulephera. Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi. Mwana wanu makirediti 6 ali nawo ndithu, koma a Chingerezi palibe, ndipo osankha ophunzira akaona zimenezi sapitiriranso kuyang'ana masamu ake okongolawo. Chifukwa chake n'chomveka: ku sekondale phunziro lililonse, kupatula Chichewa ndi zinenero zina, limaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi wa masamu naye amayenera kufotokoza, kulemba mafunso ndi kuwerenga mabuku m'chinenerocho.

Za Blantyre Teachers Training College, amene anakuuzaniyo sananame kuti ndi koleji ya aphunzitsi, koma imasula aphunzitsi a ku pulayimale, kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 8. Kuti munthu aziwerengedwa ngati mphunzitsi woyenera wa ku sekondale, amafunika kukhala ndi dipuloma kapena digiri ya zamaphunziro. Dipuloma imatenga zaka zitatu ndipo digiri imatenga zaka zinayi. Makoleji a boma amene ntchito yawo ndi yosula aphunzitsi a ku sekondale ndi Domasi College of Education ku Zomba ndi Nalikule College of Education ku Lilongwe, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Digiri ya zamaphunziro imapezekanso ku University of Malawi, kumene ambiri timakutchulabe kuti ku Chancellor College, komanso ku Mzuzu University. Ine ndinaphunzira ku Zomba, ndipo tsopano ndaphunzitsa Biology kwa zaka zoposa khumi.

Malume a ku Chilomoni

Zikomo kwambiri mayi. Komabe pali chimene chikundizunguza mutu. Pa sukulu imene mwanayu amaphunzira panali aphunzitsi ena amene anthu ankati anachokera ku pulayimale, ndipo ankaphunzitsa mpaka Fomu 4. Kodi iwowo analowera khomo liti ngati lamulo lili monga mwaneneramu?

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma, Chigumula

Achimwene, funso lanuli likufuna munthu amene anaona zinthu zikusintha, choncho mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Kale aphunzitsi a ku sekondale ankasulidwa mu mzinda wathu uno, ku Soche Hill College, mpaka mu 1973 pamene maphunzirowo anasamukira ku Zomba pamodzi ndi Chancellor College, imene inali ku Chichiri. Nthawi imeneyo masekondale anali owerengeka, ndipo aphunzitsi ochepa otuluka ku yunivesite chaka chilichonse ankaoneka ngati okwanira. Ana amene sanasankhidwe ankalembetsa ku MCDE, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, ndipo ankakumana m'malo amene tinkawatcha ma DEC, kumene ankayang'aniridwa ndi aphunzitsi otengedwa ku pulayimale. Ntchito ya aphunzitsiwo poyamba inali yongothandiza ana kutsatira timabuku tochokera ku likulu la MCDE.

Kenaka zinthu zinathamanga. Mu 1993 koleji ya Domasi inayamba kusula aphunzitsi a ku sekondale pofuna kuchepetsa kuperewera kwawo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Zinali zodziwikiratu kuti anawo akadzafika ku Sitandade 8 adzafuna malo ku Fomu 1, ndipo mu 1998 ma DEC aja anasandutsidwa ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Dzina linasintha, chikwangwani pamsewu chinasintha, koma aphunzitsi anakhala omwe aja. Umu ndi mmene aphunzitsi a ku pulayimale anapezekera akuphunzitsa Fomu 4. Ambiri a iwo anagwira ntchito yotamandika m'malo ovuta, ndipo ine sindilola munthu kuwanyoza pamaso panga, koma imeneyo inali njira yozimitsira moto. Musamuuze mwana wa lero kuti adutse khomo limenelo poganiza kuti likadali lotsegula monga kale, chifukwa tsopano omaliza maphunziro a dipuloma ndi digiri alipo ambiri amene akudikira ntchito.

Mayi a ku Bangwe

Abambo anga a ku Chigumula anena za ine ndendende, choncho ndiloleni ndichitire umboni. Ine ndinayambira ku pulayimale, ndipo nditaphunzitsa Sitandade 7 kwa zaka zingapo ananditumiza ku CDSS ina kunja kwa mzinda chifukwa satifiketi yanga ya MSCE inali ndi kirediti ya masamu. Tsiku loyamba aphunzitsi aakulu anandipatsa buku limodzi long'ambika chikuto, bokosi la choko ndi kalasi ya Fomu 3. Zimene ndinkayenera kuphunzitsa mawa ndinkaziphunzira usiku wa lero, nyali ya parafini ili patebulo, ana anga ali m'tulo. Ndinkaloweza chitsanzo cha m'buku mpaka ndinkatha kuchilemba pabolodi osayang'ana, koma mtima unkagunda mwana akakweza dzanja. Tsiku lina mnyamata wina wokhala kumbuyo anandifunsa chifukwa chimene nambala ya mainasi ikachulukitsidwa ndi inzake ya mainasi yankho limakhala la pulasi. Ndinamuyankha kuti limenelo ndi lamulo la masamu ndipo angoliloweza. Mwanayo anakhala pansi mwaulemu, koma nkhope yake inaonetsa kuti wazindikira kuti inenso sindikudziwa, ndipo teremu yonseyo sanafunsenso kanthu.

Manyazi a tsiku limenelo ndi amene ananditumiza ku Domasi. Ndinalowa m'maphunziro a dipuloma ophunzirira kutali, kumene timapita ku koleji nthawi ya tchuthi kenaka n'kubwerera ku sukulu zathu ndi mabuku ndi ntchito zolemba. Sizinali zophweka, chifukwa anzanga akupuma ine ndinali m'kalasi, ndipo malipiro a mwezi ankagawika pakati pa nyumba ndi sukulu. Koma kumeneko ndi kumene ndinamvetsa masamu amene ndinakhala ndikuwaphunzitsa osawamvetsa. Choncho njira yodzera ku pulayimale ilipo ndipo ine ndine chipatso chake, koma ndi yozungulira, ndipo yanditengera zaka zambiri zimene mwana wa makirediti ngati awa sayenera kutaya. Bambo a ku Chilomoni, ngati mwanayo angathe kukonza Chingerezi chake, alowe pa khomo lakutsogolo.

Mnyamata wa ku Ndirande

Akuluakulu, mundikhululukire ndikasiyana nanu maganizo pang'ono. Ine ndili ndi digiri ya sayansi, osati ya zamaphunziro, ndipo ndakhala ndikuphunzitsa Chemistry ndi Physics pa sukulu ina yoyima payokha mu mzinda muno kwa zaka zinayi. Palibe amene anandifunsapo za pepala la uphunzitsi, ndipo ana anga amakhoza bwino kuposa a m'masukulu ena amene aphunzitsi ake ali ndi mapepala onse. Mmene ndikuonera ine, chachikulu n'chakuti munthu alidziwe phunziro lake mozama. Nkhani ya mayi a ku Bangwe ikutsimikiza zomwezi, popeza chimene chinawavuta pa funso la mwana lija si njira yophunzitsira koma masamu enieniwo. Bwanji mtsikanayu asangophunzira digiri ya masamu, imene ingamutsegulirenso makomo a ku banki kapena ku makampani a inshuwalansi, n'kudzaphunzitsa ngati adzafunabe?

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma, Chigumula

Mwana wanga wa ku Ndirande, mbali ina wanena zoona, ndipo sindikutsutsa kuti mphunzitsi wosadziwa phunziro lake ndi ngozi. N'chifukwa chake wophunzira digiri ya zamaphunziro amathera nthawi yambiri akuphunzira maphunziro amene adzaphunzitse, nthawi zina m'kalasi limodzi ndi anzake a digiri ya sayansi. Koma pa zaka zimene ndinali mphunzitsi wamkulu ndinalandirapo anyamata anzeru ngati iwe, ndipo vuto lawo linali limodzi: ankaphunzitsa ana asanu a kutsogolo amene ankawatsatira, n'kusiya ena onse akungokopera zapabolodi. Pa sukulu yoyima payokha imene imasankha ana ake ndipo ili ndi labotale, vuto limeneli limabisika. Pa CDSS ya ana odzaza mpaka pakhomo, ena atayenda mtunda wautali osadya kanthu, limaonekera sabata yoyamba.

Palinso mbali ya lamulo imene uyenera kuiganizira chifukwa cha tsogolo lako lomwe. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi, limene ntchito yake ndi kulemba aphunzitsi m'kaundula ndi kuwapatsa ziphaso, ndipo silinakhazikitsidwire aphunzitsi a boma okha. Komanso Teaching Service Commission ikamalemba aphunzitsi a ku sekondale, imatchula mapepala a zamaphunziro. Anthu a digiri ngati yako ali ndi njira yawo, imene ndi University Certificate of Education, yodziwika kuti UCE, maphunziro afupiafupi opatsa munthu wa digiri ina luso la uphunzitsi. Ndikukulangiza uyitenge ukadali wamng'ono, usanakhale ndi banja lokudalira.

Mayi Mphunzitsi a ku Zingwangwa

Achimwene a ku Ndirande, inenso ndinkaganiza ngati inu mpaka pamene ndinapita ku TP, nthawi imene wophunzira uphunzitsi amatumizidwa ku sukulu yeniyeni kukaphunzitsa moyang'aniridwa. Ndinali m'gulu la okhoza bwino Biology ku koleji, ndipo tsiku limene aphunzitsi athu anabwera kudzandiona ndinakonzekera phunziro la kayendedwe ka magazi m'thupi. Ndinajambula mtima wokongola pabolodi ndi choko chofiira ndi chabuluu, ndinayankhula mphindi 40 zonse osapunthwa, ndipo ndinatuluka ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Iwo anali atakhala pa desiki yakumbuyo ndi fomu yawo. Titakhala pansi pa mtengo wa mango panja, anandifunsa funso limodzi lokha: ndi ana angati amene anayankhula m'kalasimo? Ndinawerenga m'mutu n'kupeza awiri. Kenaka ananditumiza kukatenga makope asanu a ana a mzere wakumbuyo, ndipo atatu mwa iwo anali atajambula mivi yoonetsa magazi akuyenda chobwerera. Ine ndinali nditaphunzitsa bolodi, osati ana.

Zimene maphunziro a uphunzitsi amapereka ndi zimenezo: kulemba masikimu a teremu kuchokera mu silabasi yokonzedwa ndi Malawi Institute of Education, kukonzekera phunziro la tsiku, kufunsa funso loti likuuze ngati mwana wamva, kukonza mayeso oyesadi zimene unaphunzitsa, kudziwa mmene mwana wa zaka 14 amaganizira, ndi kupeza chogwiritsa ntchito pamene sukulu ilibe zipangizo. Ine ndaphunzitsapo za mapapo ndi botolo la pulasitiki lodulidwa pansi ndi mabaluni awiri ogula pa golosale. Ena amabadwa nalo luso limeneli, ndipo mwina inu ndinu mmodzi wa iwo, koma dziko silingadalire mwayi wotere pa ana ake onse.

Mnyamata wa ku Ndirande

Ndamva, mayi ndi abambo, ndipo za makope a mzere wakumbuyo zandikhudza, chifukwa sindikumbukira tsiku limene ndinawayang'ana mwadala. Komabe mfundo yanga yoti mtsikanayu aganizire bwino asanadzimangirire ku ntchito imodzi ikadalipo. Anzanga ena amene anachita digiri ya zamaphunziro akhala zaka akudikira kuti boma liwalembe, ndipo ena tikuphunzitsa nawo kuno pa malipiro ochepa. Ndi bwino malume ake adziwe zimenezi lero kusiyana n'kudzadabwa mwana atavala kale gauni.

Bambo a ku Machinjiri

Ine si mphunzitsi, koma ndalowererapo chifukwa cha mawu amene bambo a ku Chilomoni ananena koyambirira, akuti pali koleji imene imalandira aliyense bola ndalama. Achimwene, pamenepo ndi pamene ine ndinagwera m'mbuna. Mwana wanga wamwamuna analibenso kirediti ya Chingerezi, ndipo m'malo momubwezera ku mayeso ndinamulembetsa pa koleji ina imene sindiitchula, imene inatilandira ndi manja awiri osafunsa zambiri. Ofesi yake inali yooneka bwino, pakhoma panali zithunzi za ophunzira atavala magauni, ndipo mlembi anatitsimikizira kuti zonse zili m'malo mwake. Ndinagulitsa malo amene ndinkafuna kumangapo nyumba ya lendi, ndipo ndinalipira fizi zaka zitatu. Mwanayo atamaliza n'kukapereka mapepala pofunsira ntchito, anauzidwa kuti maphunziro amene anachitawo sali m'gulu la ovomerezeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero akugulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama za pafoni pa kakontena, dipuloma ili mu sutikesi.

Chimene ndinadzachidziwa mochedwa n'chakuti pali bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene limalembetsa makoleji ndi mayunivesite ndi kuvomereza maphunziro awo, ndipo limatulutsa mndandanda woti aliyense aone. Ndipo musangofunsa ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa. Funsani ngati maphunziro enieni amene mwana wanu akukachitawo ndi ovomerezeka, chifukwa koleji ikhoza kukhala ndi maphunziro ena ovomerezeka pomwe ena ayi. Musakhutire ndi mawu a mlembi. Onani mndandandawo ndi maso anu.

Mayi Mphunzitsi a ku Zingwangwa

Pepani kwambiri bambo a ku Machinjiri, ndipo zikomo chifukwa chosabisa. Ndingowonjezera kuti tisatengepo maganizo oti sukulu iliyonse yosakhala ya boma ndi yokayikitsa. Catholic University of Malawi ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene inatsegulidwa mu 2006, imaphunzitsa zamaphunziro, ndipo ili pafupi ndi ife kuno. University of Livingstonia nayonso yatulutsa aphunzitsi ambiri a ku sekondale. Kusiyana kwake n'kwakuti fizi zake n'zokwera, ndipo sukulu yodzilemekeza siingakulandireni mwana popanda kuyang'ana makirediti ake. Koleji ikakhala yosafunsa kanthu koma ndalama, chimenecho chokha chikuchenjezeni.

Malume a ku Chilomoni

Bambo a ku Machinjiri, mwandipulumutsa, chifukwa Lolemba likubwerali ndinali nditakonza zopita kukatenga mafomu ku koleji yolandira aliyense ija. Tsopano ndamva kuti mwanayu ayenera kulembanso Chingerezi. Ndili ndi mafunso ena awiri. Loyamba, kodi alembe Chingerezi chokha kapena abwereze zonse? Lachiwiri, pakati pa dipuloma ndi digiri, kusiyana kwake pa ntchito n'kotani, popeza chaka chimodzi chowonjezera kwa munthu wodalira kupala matabwa si chinthu chaching'ono?

Mayi a ku Bangwe

Pa funso loyambalo, bambo, musaganize nokha ndipo musamvere za m'minibasi. Chaka chilichonse NCHE imatulutsa chidziwitso choitana ofuna malo m'mayunivesite a boma, ndipo makoleji a Domasi ndi Nalikule nawonso amalengeza zofunika kwa ofuna kulowa. M'zidziwitso zimenezo mumalembedwa zaka za mayeso zimene akulandira, maphunziro amene ayenera kukhala ndi kirediti pa kosi iliyonse, ndiponso mmene amaonera zotsatira za munthu amene analemba mayeso kangapo. Pezani chidziwitso chaposachedwa, mukhale pansi ndi mwanayo ndi mphunzitsi wake wakale, muwerenge mzere ndi mzere musanalipire ndalama za mayeso. Ine ndikanakhala mayi ake ndikanamulembetsa maphunziro onse, chifukwa malo ndi ochepa ndipo opikisana nawo ndi ambiri, choncho kutsitsa mapoyinti ake kungamuthandize kuposa kungokonza Chingerezi chokha. Masukulu ambiri a boma mu mzinda muno ali ndi makalasi a masana amene timawatcha a open, ndipo mtengo wake ndi wofikirika poyerekeza ndi sukulu zoyima pazokha.

Koma chonde chaka chimenechi chisakhale chongobwereza zolemba zakale. Mwana wopeza 3 pa masamu ndi 7 pa Chingerezi nthawi zambiri vuto lake si nzeru koma kusawerenga. Azipita ku laibulale ya National Library Service m'tauni, aziwerenga nyuzipepala mokweza madzulo, azilemba chimangirizo chimodzi sabata iliyonse n'kupeza womuchongera. Mabuku a Literature asangomva nkhani yake kwa anzake, awawerenge yekha mpaka kumapeto.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma, Chigumula

Funso lachiwirilo ndiliyankhe ine. Onse awiri, wa dipuloma ndi wa digiri, ndi aphunzitsi oyenera a ku sekondale, ndipo m'kalasi amagwira ntchito yofanana. Kusiyana kuli pa giredi yoyambira m'boma: wa dipuloma amayambira pa TJ pomwe wa digiri amayambira pa TI, imene ili pamwamba pake, ndipo malipiro amatsatira giredi. Pa nkhani yokwezedwa kukhala mkulu wa dipatimenti, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu kapena mphunzitsi wamkulu, wa digiri amakhala patsogolo. Komabe dipuloma si mapeto a msewu. Ambiri amayamba nayo, n'kudzawonjezera digiri ali pa ntchito, ena kudzera m'maphunziro ophunzirira kutali a Mzuzu University, imene kuchokera pamene inatsegulidwa mu 1999 yakhala ikusula aphunzitsi a ku sekondale. Choncho mwanayo afunsire malo konsekonse kumene akuyenera, ndipo kumene kwatseguka alowe. Za fizi, kuli bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka. Imeneyo ndi ngongole yobweza akadzayamba ntchito, osati mphatso, ndipo mwana auzidwe zimenezi poyera.

Pali chinthu china chimene palibe wachitchula, chomwe kwa ine ndi chachikulu kuposa kusankha pakati pa Zomba ndi Lilongwe. Mphunzitsi wa ku sekondale saphunzira uphunzitsi wa chilichonse; amasulidwa pa maphunziro ake, kawirikawiri awiri, lalikulu ndi lothandizira. Mnyamata wa ku Ndirande wanena zoona kuti ena amadikira ntchito nthawi yaitali, koma pa zaka zanga zonse, aphunzitsi amene ndinkawasowa n'kumakawapempha ku ofesi ya South West Education Division anali a masamu ndi sayansi. A maphunziro ena ankapezeka, koma kalasi ya Fomu 4 inkatha kukhala milungu popanda wa Physics. Mtsikana wophunzitsa masamu ndiye wosowa kwambiri, ndipo kupezeka kwake kutsogolo kwa kalasi kumasintha maganizo a atsikana amene anauzidwa kuti masamu ndi a anyamata. Masamu ndi Chemistry, kapena masamu ndi Biology, ndi maphunziro amene makirediti ake akumulola kale. Asalole kuti anzake amukokere ku maphunziro amene akuti ndi ophweka.

Mnyamata wa ku Ndirande

Pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu, abambo. Pa sukulu yathu, wa masamu akangoti akuchoka, eni sukulu amamuitanira mu ofesi kukakambirana, zimene sizichitika kwa ena. Ndiwonjezerenso kuti ku MUBAS, imene inali Polytechnic isanayime payokha mu 2021, kuli maphunziro osula aphunzitsi a maphunziro a luso la manja ndi a zamalonda. Ndatchula zimenezi chifukwa malume ake ndi kalipentala, ndipo mwina mwanayo anakulira pakati pa matabwa ndi tepi yoyezera. Akakhala kuti amakonda zojambula mapulani ndi zopangapanga, njira imeneyo ili pa Chichiri pompano, ndipo angathe kumayendera kuchokera ku Chilomoni osalipira malo ogona.

Mayi Mphunzitsi a ku Zingwangwa

Popeza tanena zambiri za mapepala, bambo a ku Chilomoni mumufunsenso mwanayo ngati akudziwa kuti boma likamulemba ntchito silimufunsa kumene akufuna kukhala. Wokulira mu Blantyre akhoza kutumizidwa ku Nsanje, ku Neno kapena ku Mwanza, pa sukulu yopanda magetsi ndi nyumba ya mphunzitsi, ndipo ndaonapo atsikana ena akusiya ntchito teremu yoyamba chifukwa palibe amene anawakonzekeretsa. Ndaonanso ena amene anapita akulira, koma lero sakufuna kubwerera m'tauni. Ngati angafune, abwere adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanga tsiku limodzi, ndikapempha chilolezo kwa aphunzitsi aakulu, kuti aone ntchitoyi ndi maso a mphunzitsi osati a mwana wasukulu. Aone kuchonga makope a makalasi atatu, aone mwana wogona m'kalasi chifukwa cha njala, aonenso nkhope ya mwana amene wamvetsa chinthu koyamba.

Malume a ku Chilomoni

Ndamuwerengera mwanayu zonse zimene mwalemba, kuyambira pa mawu a mayi a ku Zingwangwa mpaka pano. Za kulembanso mayeso poyamba analira, chifukwa anzake ena akupita ku koleji chaka chino ndipo iye akuona ngati akubwerera m'mbuyo, koma atamva nkhani ya bambo a ku Machinjiri anakhala chete kwa nthawi, kenaka anati alembanso. Za luso la manja wakana, akuti fumbi la matabwa analipuma lokwanira, ndipo akufuna masamu ndi Chemistry. Za ku Nsanje akuti kwawo kwa mayi ake kulibenso magetsi, choncho si zachilendo. Funso la mainasi lija anayesa kundifotokozera pogwiritsa ntchito ngongole za makasitomala anga, ndipo ngakhale sindinamvetse bwino, ndinaona kuti sanatope nane. Mawa m'mawa tipita limodzi pa sekondale yapafupi kukafunsa za makalasi a open ndi tsiku lomaliza kulembetsa mayeso. Mayi a ku Zingwangwa, mwanayu wavomera kubwera kudzaonerera kalasi yanu, ndipo ndikutumizirani uthenga kumbali kuti tigwirizane tsiku.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma, Chigumula

Achimwene, mukamapita kumeneko mutenge chikalata cha zotsatira zake ndi chiphaso chimene analembera mayeso, kuti musayende kawiri. Kunyumba kuno ndili ndi mabuku a galamala ya Chingerezi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amene akungodyedwa ndi njenjete m'katoni. Loweruka ndimakhala ndili ku msika wa Limbe cha m'ma 10 koloko m'mawa, choncho mwanayo abwere ndi chikwama cholimba adzatenge. Chimangirizo chake choyamba adzabwere nacho tsiku lomwelo, masamba awiri, cholembedwa ndi inki, ndipo ndidzachichonga ali pomwepo.